Kaseti ya Mwana wa Amai Njobvu

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinawononga chinthu chimene palibe mmisili aliyense pansi pano akanatha kuchikonza. Papita zaka zambili, tsitsi langa layamba imvi, koma masiku atatu amenewo ndimawakumbukila bwino kuposa tsiku la ukwati wanga.

Tinkakhala ku Petauke, kuseli kwa msika. Atate anga, aDaka, amene ife ana awo tinkawaitana kuti atata monga mwa Chinsenga, ankakonza mawailesi. Ntchitoyo anaiphunzila ku migodi, kumene anagwila zamagetsi mpaka maso awo atayamba kuchita chidima. Atabwelela kwathu anamanga kachipinda ka malata m'mbali mwa nyumba, n'kuikamo thebulo lalitali ndi mashelefu atatu. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene sopo, mafuta ophikila ndi mabatili zinkasowa m'masitolo, ndipo munthu akamva kuti zafika ankasiya chilichonse n'kuthamangila pamzele. Zipangizo zatsopano za wailesi kunalibe. Wailesi ikafelatu, atata ankaiphwasula n'kusunga ziwalo zake m'zitini za mkaka, kuti tsiku lina zidzadzutse inzake. M'kachipindamo munkanunkha mtovu wosungunuka, sipiliti, ndi utsi wa makala a pambaula pamene ankatenthetsapo chitsulo chowotchelela mawaya.

Alongo anga awili anali kusukulu yogonela komweko ku Chipata, choncho maso a atata atafika poti sangaone timawaya ting'onoting'ono, ine ndi amene ndinakhala maso awo. Ndikaweluka kusukulu ndinkakhala pambali pawo n'kumawauza zimene ndikuona: apa pada ngati papsa, apa waya wathothoka, kachipangizo aka kali ndi mizele yofiila iwili ndi umodzi wachikasu. Patapita miyezi anayamba kundipatsa sikuludilaiva. Kenako anandilola kugwila chitsulo chotentha chija.

Atata sankafulumila kutsegula wailesi. Munthu akabwela nayo, ankayamba amukhazika pansi n'kumufunsa: inasiya liti, inkachita bwanji isanasiye, ndani anaigwila komaliza, inagwapo kapena kunyowa? Akatelo ankainunkhiza, n'kuigwedeza pang'ono pafupi ndi khutu, kenako n'kuyang'ana mabatili. Tsiku lina aphunzitsi aakulu ena, ochokela kumpoto kwa aBemba, anabweletsa chiwailesi chachikulu akunena kuti chapselatu m'kati. Atata anatsegula kachitseko ka mabatili, n'kupapasa ndi chala, n'kutembenuza batili limodzi limene linalowa mozondoka. Chiwailesicho chinayamba kuimba pomwepo. Aphunzitsiwo atapita, atata anandiuza kuti matenda ambili a makina amakhala pakhomo penipeni, koma anthu amathamangila kuchipinda cham'kati chifukwa chakuti vuto lalikulu limawapatsa ulemu.

Anandiphunzitsa zambili m'njila yomweyo. Tibawuti ankatiika pakatoni motsatana ndi mabowo amene tachokamo. Asanadule waya ankandiuza kuti ndijambule papepala pamene ukuchokela ndi pamene ukupita. Mawu akamadukaduka, ankagogoda pang'onopang'ono ndi pensulo pachipangizo chilichonse mpaka atapeza pamene mtovu wang'aluka. Lamba wozungulitsa timawilo ta wailesi ya kaseti akasowa, ankadula kamzele kopyapyala ku chubu chakale cha njinga. Ndipo panali kaseti imodzi yakale ya nyimbo zotopetsa imene tinkayesela makina onse, kuti ngati makinawo atafune tepi, atafune yathuyo.

Zonsezi ndinkazidziwa. Ndikunena zimenezi kuti wina asaganize kuti ndinalakwa chifukwa cha umbuli. Pofika chaka chimenecho ndinali nditakonza ndekha mawailesi angapo, ndipo azimai a pamsika ankanditcha kamakaniko. Ndikamva dzinalo mtima unkandikwela.

Inali holide ya mwezi wa Ogasiti, nthawi ya mphepo ndi fumbi, ndipo alongo anga aja anatsalila ku Chipata. Lachiwili m'mawa atata anali atavala jekete lawo, akudikila galimoto imene inawalonjeza kuwatenga kupita kuchipatala cha ku Minga. Kunali kutabwela dokotala wa maso, ndipo ankati akamuphonya adzadikilanso miyezi yambili. Ali chiimile pakhomo, tinamva odi.

Anali mai wachikulile, wamfupi, wovala duku lakuda. Ananyamula kanthu kokulungidwa m'chitenje, atakafungatila pachifuwa ngati khanda.

"Ndinu aDaka okonza mawailesi?" anafunsa.

"Ndine, amai. Lowani, khalani apa."

Anati ndi amai Njobvu, ndipo anakwela basi kuchokela ku Nyimba. Anamasula chitenjecho pang'onopang'ono. Munali wailesi ya kaseti yakuda, yokhala ndi chogwilila pamwamba ndi mabatani asanu ndi limodzi, yopukutidwa bwino kwambili moti panalibe ndi kafumbi komwe.

Atata anayang'ana kumsewu, kenako anakhala pansi n'kuyamba mafunso awo a masiku onse. Amai Njobvu anafotokoza motsitsa mawu. Wailesiyo anawagulila mwana wawo Lazalo, amene ankayendetsa lole ku Lusaka. Popeza iwo sankadziwa kuwelenga, Lazalo anaganiza zosiya kulemba makalata oti anthu ena aziwawelengela, n'kumalankhula m'kaseti. Anatumiza imodzi yokha. Mwezi wotsatila lole yake inagubuduzika pamapili a ku Luangwa, ndipo anafela pomwepo. Anasiya mkazi ali woyembekezela, ndipo mwanayo, wamwamuna, tsopano anali akukwawa.

"Ndinkamumvela Lamulungu lililonse ndikachoka kutchalitchi," anatelo. "Ndiye mawu anayamba kukoka ngati munthu woledzela. Kenako inangoima, ali pakati polankhula."

"Mabatili munasintha, amai?"

"Mphwanga anandipezela atsopano. Palibe chinasintha. Mawu ake ali m'kati momwemo, sindinachotsemo. Ndimaopa kuigwila."

Nthawi yomweyo galimoto ija inaliza hutala kumsewu. Atata anaimilila, n'kuuza amai Njobvu kuti abwelenso Lachinayi masana. Maiwo anati agona kwa mbale wawo wa ku boma, koma manja awo sanachoke msanga pawailesipo.

"Palibe aikhudze mpaka nditabwela," atata anawalonjeza. Anainyamula n'kuiika pashelefu yapamwamba. Kenako anatembenukila kwa ine. "Esinati, iyi usaigwile. Wamva?"

"Ndamva, atata."

Lachiwili lonselo sindinaigwile. Lachitatu masana amama anapita kudimba, ndipo ndinatsala ndekha. Ndinasesa m'kachipindamo, ndinasanja zitini, koma maso anga ankangobwelela pashelefu paja. Sindinama, chisoni ndi mai uja ndinali nacho. Koma chachikulu chimene chinkandikoka chinali china. Ndinkaona m'maganizo atata akulowa, ine n'kutabwanya batani, mawu n'kumveka, iwo n'kunena pamaso pa mlendo kuti mwana wanga ndi amene wakonza. Matendawo ndinali nditawaganizila kale. Mawu okoka ndiye kuti mphamvu ikuchepa, kapena lamba watha. Ndinadziuza kuti ndingoyang'ana chabe.

Ndinakwela pampando n'kuitsitsa. Nditatsegula kachitseko ka mabatili ndinapeza sipuling'i imodzi itachita dzimbili loyela mobiliwila, lochokela ku batili lakale limene linatayikila. Ndinaipala ndi sandipepa mpaka inawala. Pamenepo ndi pamene ndinayenela kuima, kuchotsa kaseti ya eni ake, kuikamo yathu yakale, n'kuyesa. Sindinatelo. Kupala sipuling'i kunandionekela kantchito kochepa kwambili. Ndinaigoneka chafufumimba pathebulo, ndinamasula tibawuti tonse n'kutiunjika pamodzi, ndipo ndinachotsa chivundikilo. Lamba ndinamuona ngati wakhwepa, ndiye ndinamuchotsa n'kuikapo wina wa m'chitini. Ndinapukuta timawilo ndi thonje la sipiliti. Ndinaikamo mabatili athu. Kenako, wailesi ili chigonele choncho, ndinapisa dzanja kunsi n'kutabwanya batani mongopapasa.

Timawilo tinayamba kuzungulila, bwinobwino, mosakoka. Ndinawomba m'manja. Koma mawu sanatuluke.

Ndinakweza voliyumu mpaka pamapeto. Kunali zii. Ndinaganiza kuti pochotsa chivundikilo ndadula waya wa sipika, koma mawaya onse awili anali pamalo pake. Ndinanyowetsa chala n'kugwila pamene atata ankagwila kuti amve kulila kwa sipika. Palibe. Ndinatenga pensulo n'kuyamba kugogoda chipangizo chimodzichimodzi, uku ndikung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Timawilo tinkangozungulila. Nditatopa ndinayamba kuikalipila ngati mwana wamwano.

"Lankhula, iwe! Lankhula!"

Sindidziwa kuti panapita mphindi zingati. Mwina zisanu. Pomaliza ndinaitembenuza kuti ndione ngati tepi ikuyendadi. Inkayenda. Ndipo mabatani otsika anali awili, loimbila ndi lofiila la pambali pake, lojambulila mawu. Zala zanga zinatabwanya onse pamodzi. Makina amenewo akamajambula amatseka sipika, amamvetsela kudzela m'kabowo kakang'ono kutsogolo, ndipo amafufuta zonse zimene zinali patepi pamene akudutsa.

Ndinaimitsa. Ndinabweza tepi m'mbuyo, n'kutabwanya batani loimbila lokha. Munatuluka mawu a mwamuna, ofatsa, osasa pang'ono, akulankhula Chinsenga. Ankauza amai ake kuti asadandaule za chimanga, adzabwela yekha kudzathandiza kukolola. Kenako anati, "Amama, pali nkhani ina imene ndifuna ndikuuzeni, ndiye mumvetsele bwino." Panamveka kuti thapu. Kenako kugogoda kwa pensulo, nyimbo yanga ya kwaya, ndi mawu anga.

Ndinaitseka mwachangu, ndipo tibawuti ndinangotilowetsa paliponse pamene talowa. Ndinaibwezela pashelefu n'kutuluka. Amama atabwela anandifunsa ngati ndikudwala malungo, ndipo ndinavomela.

Atata anafika Lachinayi m'mawa, diso limodzi litamatidwa ndi thonje. Atamwa tiyi analowa m'kachipindamo n'kundiitana. Anatsitsa wailesiyo okha. Zala zawo zinayenda kumbuyo kwake monga ankachitila nthawi zonse, ndipo zinaima pakona. Kabawuti kamodzi kanali katatumphuka.

"Kabawuti kakatali kalowa m'bowo la kakafupi," anatelo. Sanakweze mawu. "Lachiwili sikanali choncho."

Ndinayamba kulila. Anandisiya ndilile kwa kanthawi, kenako anakoka mpando.

"Khala pansi. Ndiuze zonse zimene unachita, kuyambila pachiyambi. Usadumphe kanthu."

Ndinawauza za sipuling'i.

"Utaipala, unayesa?"

"Iyayi, atata."

"Pitiliza."

Ndinawauza za lamba, za sipiliti, za mabatili athu.

"Ndiye chimene chinkadwala n'chiyani, sipuling'i, lamba, kapena mabatili?"

"Sindidziwa."

"Ngakhale ine sindidzadziwa. Unasintha zinthu zitatu nthawi imodzi. Ikakafanso ku Nyimba, tidzayambila pati?"

Iwo ankaganiza kuti mlandu wathela pomwepo, ndipo anali atayamba kale kufunafuna sikuludilaiva. Ndinayenela kuwauza zotsalazo ndekha. Ndinawauza za batani lofiila. Dzanja lawo linaima m'malele. Ndinkamva malata akulila ndi mphepo.

"Iike ndimve," anatelo pomaliza.

Tinamvela kuyambila pamene Lazalo anadukila mpaka pamene anabwelela. Atabwelela anali akupeleka moni kwa anthu a m'mudzi, kuwatchula mmodzimmodzi. Nkhani imene anafuna kuti amai ake amvetsele bwino inali itapita yonse.

"Makina atakhala chete unaganiza kuti afa," atata anatelo. "Sanafe. Ankamvetsela. Ukanayang'ana kutsogolo kamodzi kokha ukanaona. Unkafufuza matenda amene unawaganizila wekha, m'malo moyang'ana chimene makinawo akuchita."

Pamenepo ndinanena chinthu chimene chimandichititsa manyazi kuposa kulakwa kwenikweniko. Ndinati tingathe kujambulanso pamalo pomwepo titatseka kabowo kaja, mawu anga afufutike pakhale zii, ndiye tiwauze kuti tepi inawonongeka pamene makinawo anaima.

Atata anandiyang'ana ndi diso lawo limodzilo.

"Wawalanda mawu a mwana wawo. Tsopano ufuna uwalandenso choonadi? Tepi imeneyi sitiikhudzanso popanda iwo kulola."

Anatulutsa kasetiyo, n'kutenga chala changa n'kuchiika pamwamba pake, pakona pamene panali kachidutswa kakang'ono ka pulasitiki.

"Ukathyola aka, batani lofiila silitsika. Ndi ntchito ya kamphindi. Ine ndinayenela kuchita zimenezi Lachiwili maiwo ali pomwepa, n'kuwapatsa kaseti yawo apite nayo. Ndinamva hutala, ndinathamanga. Iwe unaswa lamulo langa, koma ine ndi amene ndinasiya chinthu chotele m'makina odwala. Tonse awili tikawauza."

Amai Njobvu anafika dzuwa litapendeka pang'ono. Ataona wailesi ili pathebulo nkhope yawo inawala, ndipo kuwala kumeneko kunandilasa kuposa chikwapu. Atata anawapatsa mpando.

"Amai, wailesi yanu ikugwila. Koma tawononga mbali ina ya mawu a mwana wanu, ndipo sangabwelelenso. Ndinakulonjezani kuti palibe aikhudze, ndipo sindinasunge lonjezo. Mwanayu akuuzani mmene zinachitikila."

Ndinagwada pansi n'kufotokoza. Sindinadumphe kanthu. Iwo sanandiyang'ane, maso awo anali pawailesi. Nditamaliza anangoti, "Iikeni. Kuyambila pachiyambi."

Lazalo anayamba ndi moni. Anafunsa za miyendo ya amai ake, anasimba za mvula ya ku Lusaka ndi za nyumba imene ankafuna kupeza. Milomo ya amai Njobvu inkayenda limodzi ndi mawu ake, liwu ndi liwu. Anafika pa chimanga paja. Anati mumvetsele bwino. Kenako thapu, pensulo, nyimbo. Milomo ya maiwo inapitilizabe kuyenda kwa kanthawi, ikunena zimene sizinkamvekanso, kenako inaima. Tinakhala atatu m'kachipinda kotenthako, tikumvela ine ndikung'ung'udza. Ndiye mawu anga anatuluka, akuthwa, amwano: "Lankhula, iwe! Lankhula!"

Amai Njobvu anaphimba nkhope ndi chitenje. Sanalile mokweza. Mapewa okha ndi amene ankagwedezeka. Atata anatambasula dzanja kuti aimitse, koma maiwo anapukusa mutu, ndipo tepi inayenda mpaka Lazalo anatsanzika.

Patapita nthawi anapukuta m'maso n'kulankhula, akuyang'ana atata.

"Pamenepo ndi pamene ankanena za mwana. Anati akabadwa mwamuna timutche Yobe, dzina la amuna anga, atate ake a Lazaloyo. Ndiye anakumbutsa za tsiku limene anagwa mumtengo wa mango ali wamng'ono, ine n'kumubeleka kumbuyo mpaka kuchipatala, miyendo yake ikukhwekhweleza pansi chifukwa anali atatalika kale. Anaseka pamenepo." Anaima pang'ono. "Mawuwo ndiwadziwa onse. Koma kuseka kuja sindingakuseke ine."



Kenako anatembenukila kwa ine, koyamba. "Iwe, udziwa kulemba?"

"Inde, amai."

"Tenga pepala. Ine ndidzafa, ndipo Yobe adzafuna kudziwa chimene atate ake ananena pamenepo."

Ndinang'amba mapepala apakati m'kope langa la kusukulu. Iwo ankanena, ine ndinkalemba ndi pensulo yomwe ija ndinkagogodela. Ankanena mmene Lazalo ananenela, ndi pamene anabweleza mawu, ndi pamene anatsokomola. Ndikalemba chiganizo ankandiuza kuti ndiwawelengele, ndipo kawili anandikonza. Titafika pa mtengo wa mango anati, "Lemba kuti apa anaseka." Ndinalemba. Misozi yanga inagwela papepalapo, ndipo ndinaipukuta ndi mkono kuti isafufute zilembo.

Atata anapempha chilolezo choti akopele mawu otsalawo m'kaseti ina, kuti imodzi ikawonongeka ina ikhalepo. Makaseti opanda kanthu sankapezeka, choncho anatenga yawo ya nyimbo imene anabwela nayo ku migodi, imene ankaikonda kwambili. Choyamba anathyola kachidutswa kaja pa kaseti ya Lazalo, maiwo akuona. Kenako analumikiza wailesiyo ndi yathu ndi waya, ndipo anayesa kaye ndi kaseti yathu yakale mpaka atakhutila. Asanayambe anafunsa ngati adumphe pamene pali mawu anga.

"Asiyeni," anatelo amai Njobvu. "Ndikamumva ameneyo ndizidziwa kuti apa ndi pamene panali mawu aja."

Zonse zitatha anapinda mapepalawo n'kuwaika pachifuwa, m'kati mwa bulauzi. Anakulunga wailesi ndi makaseti onse awili m'chitenje. Ndinapempha kuti ndiwanyamulile mpaka pokwelela basi.

"Ndinyamula ndekha," anatelo. "Tsalani bwino, aDaka."

Ndinaima pakhomo n'kuwayang'ana akuyenda m'fumbi mpaka anakhota pamsika. Sindinawaonenso.

Atata sanandimenye, ngakhale kuti amama ankati ndiyenela kumenyedwa. Anangondilanda zida. Holide yonse yotsalayo ntchito yanga inali kulandila anthu, kuwafunsa mafunso aja, ndi kulemba mayankho awo m'kope. Anawonjezapo funso limodzi latsopano, loti ndizifunsa aliyense: kodi m'makinamu muli kanthu kamene simungakapezenso kwina? Mayankho ake anandidabwitsa. Wina anali atabisa chithunzi cha mkazi wake kuseli kwa chivundikilo. Wina anati wailesi yakeyo n'njakale ndipo sigwila bwino, koma tisasinthe bokosi lake chifukwa analipala ndi manja malemu mkulu wake. Sukulu itatsegulidwa, tsiku lina ndinapeza sikuludilaiva ili pamalo panga pathebulo. Ndinaitenga n'kukhala pambali pa atata.

Ndinakula, ndinaphunzila zamagetsi, ndipo makompyuta atafika ndinalowa m'ntchito imeneyo, kuwakonza ndi kulemba mapulogalamu. Lelo ndimaphunzitsa achinyamata ku Lusaka. Ndi anzelu kuposa mmene ine ndinalili, ndipo zala zawo n'zachangu. Ndimawauza kuti asanagwile kompyuta ya munthu ayambe akopela zonse zili m'katimo n'kuziika pena, ndipo atsegule zokopelazo aone ngati zilidi bwino. Ndimawauza kuti ayesele pa zinthu zopanda ntchito, osati pa zenizeni za mwini wake. Asinthe chinthu chimodzi, ayese, alembe, kenako asinthe china. Pulogalamu ikakhala chete asaganize kuti palibe chikuchitika. Ndipo akalakwitsa anene msanga, anene zonse, motsatana, chifukwa wobwela kudzathandiza sangakonze chimene wabisilidwa. Amalemba zimenezi m'makope mwawo, ena akuyasamula. Sindiwadzudzula. Inenso ndinkazidziwa zonse tsiku lija.

Kwa zaka zambili ndinkaganiza kuti phunzilo la masiku amenewo linali la kusamala. Tsopano ndimaona kuti linali lolemela kuposa pamenepo. Ndinaulula, ndinagwada, ndinalemba mawu aja mosamala kwambili, atata anapeleka kaseti yawo, ndipo zonsezo zinali zoyenela. Koma palibe chimodzi mwa izo chimene chinabweza kuseka kwa Lazalo. Ndili mwana ndinkakhulupilila kuti munthu akapepesa ndi mtima wonse zinthu zimabwelela m'malo mwake. Amai Njobvu sananditukwane, komanso sanandiuze kuti andikhululukila, ndipo ndinasiya kuganiza kuti anayenela kutelo. Chimene anataya chinali chawo, ndipo anali ndi ufulu wochilila mmene afunila.

Nthawi zina basi ikaima pa Nyimba ndikupita kwathu, ndimayang'ana pawindo amuna a msinkhu wapakati amene akudutsa, ena akukankha njinga, ena akugulitsa nthochi. Mmodzi wa iwo angakhale Yobe. Ngati makaseti aja anasungika, ndiye kuti anakula akumva mawu a atate ake amene sanawaonepo, ndipo pakati penipeni, pamene atate akewo ankamutcha dzina, ankamva kamtsikana kosadziwika kakung'ung'udza nyimbo n'kumagogoda ndi pensulo. Sindidziwa chimene agogo ake anamuuza za ine. Ndikadzakumana naye sindidzamupempha kanthu. Ndidzangomuuza kuti ndine amene uja, ndipo ngati angafune kudziwa mmene zinachitikila, ndidzamufotokozela zonse.